Mayi woyembekezera: ntchito, kuyenda ndi zimene sikelo imanena

Awa ndi mawu amene mzamba wina wa m'boma lino analankhula pa msonkhano wa chitukuko cha m'wodi. Tawasindikiza kuti amene sanafike nawonso amve.

Ndikuthokoza kuti pakati pa nkhani za misewu, milatho ndi midadada ya sukulu mwapezanso malo a nkhani ya mayi woyembekezera. Mwachita bwino, pakuti amene adzaphunzire m'midadada tikumangayi ndi ana amene lero ali m'mimba.

Mwandipempha kuti ndilankhule za kulimbitsa thupi pa nthawi ya pakati, ndi mmene kungathandizire kuti mayi asanenepe mopyola muyeso. Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale chamumtima. Mukuti, mayi wa kwa Makanjira kapena kwa Katuli amene amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, n'kupita kumunda, n'kubwerako ndi mtolo wa nkhuni pamutu, madzulo n'kugwiranso munsi, ameneyo akufunanso masewera anji? Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo sindilizemba. M'boma lathu la Mangochi muli amayi a mitundu iwiri. Alipo ambiri amene thupi lawo likutha ndi ntchito, ndipo amenewa ndi ofunika kuwatula katundu. Aliponso ena, omwe akuchulukirachulukira chaka ndi chaka, amene amatandala pansi tsiku lonse, ndipo amenewa ndi ofunika kuwadzutsa kuti ayende. Langizo limodzi silingakwanire onse. Chimene chingatiuze kuti mayi uyu ali mbali iti ndi sikelo, osati maso a apongozi kapena a anzake a pamjigo.

Taonani mmene timanenera m'chinenero chathu. Mayi akamapita kuchipatala kukapimitsa pakati timati wapita kusikelo. Ulendo wonsewo unatenga dzina kuchokera ku chipangizo choyezera kulemera. Komatu ambiri amakwera pasikelopo, anamwino n'kulemba nambala m'kabuku, mayi n'kubwerera kwawo osadziwa chimene nambalayo ikunena. Lero ndikufuna kuti nambala imeneyi tiiwerengere limodzi.

Kulemera kumene mayi amawonjezera akakhala ndi pakati sikukhala mafuta okhaokha. Mwana wobadwa pa nthawi yake amalemera makilogalamu atatu kapena kuposerapo pang'ono. Nsengwa imapyola theka la kilogalamu. Madzi amene mwana amakhalamo amafika pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo chiberekero chikakula nacho chimafika pomwepo. Magazi a mayi amachuluka ndi lita imodzi kapena kuposerapo, mabere amakula, ndipo thupi limasungako mafuta amene ndi nkhokwe ya nthawi yoyamwitsa. Mukaphatikiza zonsezi mupeza makilogalamu oposa khumi. Choncho mayi akapanda kukwera pasikelo, ndiye kuti china mwa zimenezi chikuperewera, ndipo kawirikawiri wovutika amakhala mwana.

M'chaka cha 2009 bungwe la akatswiri a zaumoyo la ku America lotchedwa Institute of Medicine linatulutsa muyeso umene mayiko ambiri amautsatira. Muyesowu umayamba ndi kuyerekeza kulemera kwa mayi ndi msinkhu wake asanatenge pakati. Mayi amene thupi lake linali loyenerana ndi msinkhu wake awonjezere makilogalamu 11.5 mpaka 16 pa miyezi yonse isanu ndi inayi. Amene anali wowonda awonjezere 12.5 mpaka 18. Amene anali wonenepa awonjezere 7 mpaka 11.5, ndipo wonenepa kwambiri awonjezere 5 mpaka 9. Mwamva kuti palibe ngakhale mmodzi amene akuuzidwa kuti atsike. Nthawi ya pakati si nthawi yochepetsa thupi. M'miyezi itatu yoyambirira sikelo imasuntha pang'ono chabe, mwina kilogalamu imodzi kapena awiri. Kuyambira mwezi wachinayi, mayi wa thupi lapakatikati amayenera kuwonjezera pafupifupi magalamu 400 pa sabata, kapena tinene kuti kilogalamu imodzi ndi theka mpaka awiri pa mwezi.

Kuti muyesowu ugwire ntchito, tiyenera kudziwa pamene mayi anayambira. Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale pakati pasanapyole masabata 12, ndipo Unduna wa Zaumoyo kuno kwathu unatengera langizo lomweli. Mayi amene amabisa pakati mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi poopa kuti anthu amuchita chipongwe amatimana nambala yoyambayo. Zikatero timakhala ngati tikuyeza kutalika kwa ulendo osadziwa kumene munthu ananyamukira.

Tsopano ndibwere kwathu kuno. Boma la Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene nkhaniyi inafufuzidwa mozama, ndipo ena mwa amayi amene analowa m'kafukufukuyo mwina akhala pakati pathu pano. M'zaka za 2011 ndi 2012, ofufuza a ku College of Medicine mogwirizana ndi anzawo a kuyunivesite ya Tampere ku Finland ndi ena analemba amayi oyembekezera 1,391 pa zipatala za Mangochi, Malindi, Lungwena ndi Namwera, n'kumawayeza mpaka kuchira. Zotsatira zokhudza kulemera kwa amayiwo zinafalitsidwa mu 2018. Zinaonetsa kuti pafupifupi amayi asanu ndi awiri mwa khumi alionse ankakwera pasikelo mochepera muyeso woyenera, ndipo amene ankakwera mochepawo ndi amene kawirikawiri ankabereka ana aang'ono. Amene anayamba pakati ali onenepa kale anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Kafukufuku wina wa m'mbuyomo ku Lungwena anaonetsanso kuti amayi amakwera pang'ono kwambiri m'miyezi ya dzinja, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, ntchito yakumunda itachuluka, malungo nawo atavuta.

Manambala amenewa akutiuza kuti vuto la amayi ambiri a m'midzi yathu ndi kuchepa kwa thupi. Mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 amazizidwa msanga, amayamwa mofooka, amagwidwa ndi matenda mosavuta, ndipo ambiri mwa ana otere amakula mopinimbira. Ndiye kwa mayi wotere, kulankhula za masewera tisanalankhule za kupuma ndi chakudya n'kumulakwira.

Ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20. Kumeneko n'kuposa kulemera konse kumene mayi ayenera kuwonjezera pa miyezi isanu ndi inayi, koma iye amaisenza katatu kapena kanayi patsiku. Mayi wa kugombe la Msaka kapena la Makawa amanyamula mabeseni a usipa kuchokera pamadzi kukafika pathandala, n'kuwerama pamenepo dzuwa lili paliwombo. Mayi wa kumtunda amapalira tsiku lonse, mawa lake n'kukagwiranso ganyu m'munda wa eni. Kulimbitsa thupi kumasiyana ndi ntchito yotereyi chifukwa kuli ndi malire: munthu amayamba pang'onopang'ono, akatopa amaleka, akamva ludzu amamwa madzi. Ntchito yakalavulagaga siyembekezera kuti munthu apume, ndipo imadya mphamvu zimene zikanapita kwa mwana.

Akuluakulu amati mayi wapakati akamangogona mwana adzachita ulesi pobadwa. M'mawu amenewa muli choonadi, pakuti thupi limene limayendayenda limapirira bwino pa tsiku lobereka. Koma akuluakuluwo sananene kuti mayi azisenza njerwa mpaka mwezi wachisanu ndi chinayi. Aliponso ena amene amauza mayi kuti azidya pang'ono kuti mwana achepe, asadzavute potuluka. Langizo limenelo limalanga mwana wosalakwa. Njira yopewera zovuta pobereka ndiyo kukachilira kuchipatala, ndi kupita kuchidikiro nthawi ikadalipo ngati kwanu kuli kutali.

Mbali inayo nayo ilipo, ndipo ikukula. Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso, ndipo m'matauni anali oposa mmodzi mwa atatu. Mu 1992 anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Sitifunika kupita ku Blantyre kuti tikaone zimenezi. Pa Boma pompano, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Chiponde kuli amayi amene amatandala pampando m'golosale, pamakina osokera, pabenchi la pamsika kapena mu ofesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mtunda umene kale tinkayenda wapansi, lero timakwera kabaza kapena njinga yamoto. M'makomo ambiri mukulowa ndalama zochokera ku Joni, ndipo tithokoze kuti zikumanga nyumba za malata ndi kulipira sukulu. Koma ndalama zomwezo zabweretsanso chipisi cha tsiku ndi tsiku, mandasi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi tiyi wa shuga masupuni anayi. Mayi akanenepa timamuyamikira kuti akusamalidwa bwino, ndipo akatenga pakati timamuuza kuti adye za anthu awiri, asagwire kanthu.

Ndilankhule mosabisa za kumene njira imeneyi imathera. Mayi amene wanenepa kwambiri pa nthawi ya pakati amagwidwa mosavuta ndi matenda a shuga amene amayamba chifukwa cha pakatipo. Shuga wa mayi akachuluka m'magazi amadutsa pansengwa n'kukanenepetsa mwana, mwina mpaka kupyola makilogalamu anayi. Mwana wotere amatha kukanirira mapewa potuluka, ndipo nthawi zambiri pamafunika opareshoni. Kwa mayi wa kumudzi wakutali, ulendo wofika kumene kuli opareshoni si waufupi, makamaka usiku nthawi ya mvula. Mayi wonenepa kwambiri amagwidwanso mosavuta ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kukakula kumafikitsa munthu pokomoka ndi kunjenjemera. Bala la opareshoni limachedwa kupola pathupi la mafuta ambiri. Ndipo makilogalamu otsalira pa pakati poyamba amakumana ndi a pakati pachiwiri ndi pachitatu, mpaka mayi wa zaka makumi anayi n'kukhala wa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi moyo wake wonse.

Kwa mayi ameneyu, mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi kuyenda. Mu 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi woyembekezera amene alibe vuto lina lililonse azilimbitsa thupi mosapyola muyeso kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Bungweli litaunika kafukufuku wochuluka linapeza kuti kutero kumachepetsa kunenepa kopyola muyeso, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, zovuta za pobereka ndi kukhumudwa kumene amayi ena amakhala nako akachira, ndiponso kuti sikuvulaza mwana. Chimene chimachitika m'thupi n'chakuti minofu ikamagwira ntchito imayamwa shuga m'magazi n'kumutentha, mtima umalimba, ndipo magazi amayenda bwino mpaka kunsengwa.

Mphindi 150 zisakuopseni. Ndi mphindi 30 patsiku kwa masiku asanu. Ngakhale zimenezo mungazigawe: khumi m'mawa, khumi mutadya nsima yamasana ndi kupumako pang'ono, khumi madzulo. Amene simunazolowere yambani ndi mphindi khumi zokha, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Muyeso wa liwiro ndi wosavuta: yendani mwandawala moti thupi lifunde ndipo mpweya ukwere pang'ono, koma mukhozebe kucheza ndi amene mukuyenda naye. Mukafika poti mawu akuduka chifukwa cha befu, mwapyola, bwererani m'mbuyo. Sipafunika nsapato zodula kapena nyumba ya masewera. Mayi wa pagolosale atsike kabaza asanafike, mtunda wotsalawo ayende. Wa pamakina osokera aziimirira ndi kuyendako pang'ono ola lililonse. Kusesa pabwalo, kuthirira dimba ndi kathini kakang'ono, kuvina chioda mofatsa pachikwati kapena kuvina ndi anzanu a kwaya, zonsezi zimawerengedwa, bola pasakhale kudumpha ndi kudzigwedeza mwamphamvu.

Pali kulimbitsa thupi kwina kumene ndikunena mwaulemu, pepani mafumu ndi abambo. Kunsi kwa chiuno kuli minofu imene imagwira chiberekero ndi chikhodzodzo ngati mmene nsichi zimagwirira denga. Mayi aziifinya minofu imeneyi ngati mmene amachitira akafuna kuletsa mkodzo, awerenge mpaka kasanu, amasule, abwereze kakhumi, katatu patsiku. Angathe kuchita zimenezi ali khale pamphasa, munthu wina osadziwa. Zimathandiza kuti mkodzo usamatuluke wokha akatsokomola kapena kuseka, vuto limene amayi ambiri amavutika nalo chamumtima akachira. Mayi aliyense woyembekezera, wa kumudzi ndi wa m'tauni, wowonda ndi wonenepa, ayenera kuchita zimenezi.

Dera lathu lili ndi zake zofunika kusamala nazo. Choyamba ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja kumatentha mpaka kupyola madigiri 35, ndipo thupi la mayi wapakati limatentha kale palokha. Yendani m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo litapendeka, mutenge madzi akumwa, muvale zopepuka. Chachiwiri ndi nyanja. M'mayiko ena amayi oyembekezera amalangizidwa kusambira, pakuti madzi amanyamula thupi ndipo msana umapumula. Koma m'madzi osaya a m'mbali mwa nyanja yathu ndi ku Malombe muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo likodzo limatha magazi amene mayi wapakati akuwafuna kwambiri. Za ng'ona ndi mvuu za mu Shire sindichita kukuuzani. Ndi bwino kuyenda pamchenga wouma m'mbali mwa gombe kusiyana ndi kulowa m'madzi, ndipo amene waona magazi mumkodzo akanene kusikelo. Chachitatu ndi kugwa. Pakati pakamakula thupi limapendekera kutsogolo ndipo mfundo za mafupa zimafewa. Choncho ntchemberembaye iyambe yaima, kukwera mumtengo wa mango kulekeke, ndipo kupalasa njinga m'njira za mchenga ndi zokumbika kusiyidwe miyezi ikapita. Ikadutsa miyezi itatu yoyambirira, musamachite masewera ogona chagada, chifukwa chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Popuma gonani chammbali.

Alipo amayi amene sayenera kuyamba masewera alionse asanamve kwa anamwino kapena dokotala: amene akutaya magazi, amene anauzidwa kuti nsengwa yakhala kunsi, amene akuyembekezera mapasa, amene magazi awo akuthamanga kapena achepa kwambiri, amene ali ndi vuto la mtima, ndi amene anapitapo padera kangapo kapena kubereka mwana wosakwana masiku. Atsikana aang'ono amene atenga pakati thupi lawo likadakula nawonso ndi ofunika chisamaliro chapadera, pakuti chakudya chimodzi chikulimbiranidwa ndi ana awiri.

Ndipo kwa mayi aliyense, zizindikiro izi zikaoneka, kaya ali paulendo, kumunda kapena pakhomo, aleke zimene akuchita ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo: kutaya magazi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, kupweteka kwa m'mimba kobwerezabwereza, mutu waukulu, chizungulire kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pachifuwa, kubanika, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba. Chimodzi ndichitsindike. Mayi akakwera pasikelo mwadzidzidzi, makilogalamu awiri kapena atatu m'masiku ochepa, nkhope ndi manja zitatupa, amenewo si mafuta. Ndi madzi, ndipo akhoza kukhala chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi koopsa. Ameneyo asauzidwe kuti akayende kuti thupi litsike. Atengedwe kuchipatala. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kuyenda popanda kudya bwino n'kupalasa bwato ndi nkhafi imodzi mbali imodzi. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo ndi akuti mayi woyembekezera awonjezere chakudya kamodzi patsiku pamwamba pa mmene amadyera nthawi zonse, ndipo chikhale chakasinthasintha kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi aja: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Ife a kunyanja tili ndi mwayi. Usipa, utaka ndi kambuzi zodyedwa ndi minga yomwe zimamanga thupi ndi kulimbitsa mafupa. Tili ndi nandolo, khobwe, mtedza, chisoso, bonongwe, nkhwani, mango, mapapaya ndi malambe. Chomvetsa chisoni n'chakuti nsomba zonse zimakwera galimoto kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe, mayi wapakati n'kutsala ndi nsima ya masamba owiritsa. Bambo msodzi, patulani mbale ya kunyumba musanayambe kugulitsa. Kwa mayi amene sikelo ikuthamanga, chochepetsa ndi zokazinga, shuga ndi zakumwa za m'mabotolo, komanso mitanda ya nsima ikhale ya muyeso, koma ndiwo, masamba ndi zipatso zisachepe. Onse amwe mapiritsi owonjezera magazi ndi oteteza malungo monga alangizidwira kusikelo, ndipo agone m'neti usiku uliwonse, pakuti malungo nawo amachepetsa mwana m'mimba.

Ambiri mwa ife timasala kudya m'mwezi wa Ramadan, ndipo m'mipingo namonso muli masiku osala. Chisilamu chimalola mayi woyembekezera kapena woyamwitsa kusasala ngati akuopera moyo wake kapena wa mwana, ndipo a shehe amene ali pano angafotokoze dongosolo lake bwino kuposa ine. Pempho langa n'lakuti mayi akambirane ndi a shehe kapena abusa ake pamodzi ndi anamwino, makamaka ngati sikelo yake yaima. Amene wasankha kusala asagwire ntchito yolemetsa padzuwa, ndipo kuyenda kwake kukhale madzulo atamasula ndi kumwa madzi okwanira.

Nkhani imeneyi mayi sangaithe yekha, mutu umodzi susenza denga. Abambo, ndiyambe ndi inu. Njinga imene imanyamula matumba a makala ingathenso kunyamula zigubu ziwiri za madzi. Nkhuni za miyezi yomalizira dulani ndi kututa ndinu. Ngati mayi wa kunyumba ndi uja wofunika kuyenda, yendani naye madzulo, pakuti mayi wapakati woyenda yekha popanda katundu pamutu anthu amamufunsa kumene akupita, koma ali ndi mwamuna wake palibe amene amafunsa. Mukamuperekeza kusikelo musatsalire pansi pa mtengo. Lowani, muone nambala. Ndipo inu amene amuna anu ali ku Joni, auzeni pafoni kuti ndalama ya mwezi uno igule mazira, nsomba ndi zipatso, ina ilipire wotunga madzi.

Anankungwi ndi apongozi, mawu anu amalemera kuposa anga. Mtsikana wa pakati poyamba amamva za inu pa litiwo kapena pa chisamba asanamve za ife a kuchipatala. Pa malangizo amene mumapereka onjezerani awa: ayambe sikelo msanga, adye mokwanira, ayende tsiku lililonse, koma asasenze zolemera.

Mafumu ndi a komiti ya chitukuko, kwa inu ndabwera ndi mapempho anayi. Loyamba, pa ntchito za chitukuko monga kututa mchenga, miyala ndi njerwa, mayi woyembekezera asawerengedwe kuti wajomba, ndipo banja lake lisalipitsidwe chindapusa chifukwa cha iye. Ngati afuna kutengapo mbali, apatsidwe ntchito yopepuka monga kulemba mayina. Lachiwiri, mjigo ukawonongeka ukonzedwe msanga, pakuti sabata iliyonse imene mjigo wafa ndi sabata imene mayi wapakati akuyenda mtunda wowirikiza ndi ndowa pamutu. Posankha malo a mjigo watsopano, funsani amayi. Lachitatu, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi izionetsetsa kuti pamalo pamene alangizi amachitira sikelo pali sikelo yogwira ntchito ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi okhala ndi mabatire, ndipo zikawonongeka nkhaniyo ifike kukhonsolo kudzera kwa a khansala. Lachinayi, tibzale mitengo ya mthunzi m'njira zopita kumsika, kusukulu ndi kuchipatala, ndipo magulu a amayi, kaya a banki m'khonde, a dawa kapena a mvano, akhale ndi masiku oyenda limodzi ndi anzawo oyembekezera. Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Zifuna kuti tigwirizane lero ndi kulemba m'buku la msonkhano uno.

Ndimalize ndi inu eni nkhani, amayi oyembekezera. Ulendo wotsatira mukakwera pasikelo, musatsike chete. Funsani anamwino mafunso atatu. Ndinayambira pa makilogalamu angati? Ndakwera bwanji chibwerereni ulendo watha? Ndiye ine ndichepetse ntchito, kapena ndiwonjezere kuyenda? Kufunsa ndi ufulu wanu, ndipo kuyankha ndi ntchito yathu. Yankho limene mulandire mukalinene kunyumba, kwa bambo ndi kwa apongozi, kuti onse adziwe chochita kuyambira mawa lake.